Thabwa la Misomali pa Msewu wa ku Ndola

Dalitso, leka kuzungulira galimoto yakoyo ngati wina wamwalira. Ndi tayala limodzi chabe laphwa. Chifikireni pano watukwana msewu wa ku Ndeke, watukwana munthu amene anagwetsa msomaliwo, watukwana ndi boma lomwe, koma ine agogo ako sunandipatse ndi moni womwe. Bwera ukhale apa pamodzi ndi azing'ono ako. Ana inu, kokerani mpando wangawu pamthunzi, dzuwa la kuno ku Garneton silidziwa nkhalamba.

Inu tayala likaphwa mumangotulutsa foni. Kumabwera munthu ndi kachingwe konata, n'kukasomeka pabowo tayala lili pagalimoto pomwepo, basi mwanyamuka. Chubu simuchidziwa n'komwe. Kale m'tayala lililonse munkakhala chubu, ngati cha njinga koma chachikulu, ndipo msomali ukalowa inali ntchito ya amuna awiri kapena atatu. Kukweza lole ndi jeke, kumasula wilo, kutsegula tayala ndi zitsulo zazitali, kusolola chubu, kuchipopa pang'ono n'kumachiyendetsa pafupi ndi tsaya kuti umve pamene mpweya ukutulukira, poti madzi oviikamo ungawapeze kuti m'njira? Ukapapeza n'kupakhula ndi chitini chobowolabowola, kupaka guluu, kudikira aume, kumata chigamba. Kenaka kupopa ndi pampu ya manja, mosinthana, mpaka mapewa kuwawa. Zonsezi sindinaphunzire kusukulu. Ndinaziona nditakhala pambali pa bokosi la maliro a mwamuna wanga woyamba.

Inde, woyamba. Tsekani pakamwa, ntchentche zingalowe. Agogo anu a Mwanza, amene inu munawadziwa, anali achiwiri. Woyamba anali Aroni Jere, Mngoni, bambo ake a Esitere. Esitere ndiye amayi ako iwe Dalitso, azakhali anu enanu.

Inali nthawi ya Chitaganya, ija ena ankati Fedeleshoni. Ine zandale sindinkazitsata kwenikweni. Chimene ndinkadziwa n'chakuti nyama m'sitolo za m'tauni ife tinkagulira pakawindo ka kumbali, ndipo wogulitsa ndiye ankatisankhira fupa. Ndinachoka kwathu ku Katete ndili mtsikana, pa lole mpaka ku Lusaka, kenaka pa sitima mpaka ku Kitwe, katundu wanga yense ali m'kadengu kamodzi. Aroni anali ndi nyumba ya mgodi ku Wusakile. Nyumba zake zinali zofanana zonse, mizeremizere, moti sabata yoyamba ndinalowa m'khomo la eni ake kawiri ndi ndowa pamutu. Mphepo ikatembenuka kunkabwera utsi wa kumene amasungunula miyala, umene anthu ankautcha senta. Unkayabwa pakhosi, ndipo mpiru wanga wa kuseri kwa nyumba unkapserera ngati wina wauthira madzi otentha.

Aroni ankaboola miyala ndi makina pansi pa mgodi. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda kupukuta nsapato zake za Lamulungu kuyambira Lachisanu. Ine ndinali wosiyana naye. Ndinayamba kugulitsa zitumbuwa ndi munkoyo, thobwa la kuno, pafupi ndi msika, ndipo Chibemba ndinachitola msanga kuposa iye amene anakhalitsa. Pamsika ukakhala duu sugulitsa. Ndinkaseka ndi ogula, amuna ndi akazi omwe, ndinkawabwezera nthabwala zawo m'chinenero chawo. Aroni sankaona vuto. Amene ankaona vuto anali achimwene ake, a Filimoni, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Ndola, mkulu wa mpingo wathu uja tinachoka nawo kum'mawa. Akabwera kudzacheza ankandiyang'ana m'mbali n'kunena kuti, "Mlamu wathu ndi wa m'tauni ndithu." Sanali mawu ondiyamikira.

Esitere atangosiya kuyamwa, Aroni anayamba kutsokomola. Amuna ambiri oboola miyala ankatsokomola choncho, fumbi litadzaza m'chifuwa, ndipo ku Wusakile aliyense ankadziwa. Koma kwathu chifuwa chotere chili ndi dzina lina, tsempho. Inu simulidziwa, ndiye ndikuuzeni poyera, ndinu akuluakulu tsopano. Amati mkazi akagona ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amatupa miyendo, amatsokomola, mapeto ake amafa. Aroni anatupa miyendo, anatsokomola, ndipo anamwalira m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee. Pamaliro palibe amene anatchula mawuwo ine ndikumva, koma ndikalowa m'chipinda nkhani zinkaduka.

Pali chinanso choti mumvetse. Kwathu kwa Achewa mwana ndi wa mayi ndi amalume ake. Kwa Angoni, ng'ombe zikalowa m'khola la kwanu, mwana ndi wawo. Amalume anga ng'ombezo analandira akumwetulira, osafunsa kuti zikugula chiyani. Mwana wamng'ono ngati Esitere kawirikawiri ankamusiya kwa mayi wake kuti akule kaye. Koma mayi amene wapha mwamuna ndi tsempho samusiyira ngakhale supuni. Ndiye chiyambire maliro ndinkadziwa kuti nkhani yeniyeni ndi Esitere, ndipo ndinkachita mantha.

A Filimoni anagamula kuti m'bale wawo akagone ku Ndola, kumene anaika bambo awo, kumenenso apongozi anga aNaMiti ankakhala. Anapeza lole ya mmwenye wina wogulitsa matabwa. Woyendetsa wake anali mnyamata wamtali, woonda, Mnsenga wa ku Petauke, wa mpingo uja woyenda khomo ndi khomo ndi timabuku. Amenewo ndiwo agogo anu a Mwanza, koma tsiku limenelo sanali kanthu kwa ine. Ndinangoona kuti malaya awo anali oyera kwambiri kuyerekeza ndi ntchito imene ankagwira.

Tinanyamuka m'mawa. Bokosi linali pakati, ine kumutu kwake, wopanda nsapato monga amachitira namfedwa, Esitere kumsana. Apongozi anakhala moyang'anana nane. Azimayi a mpingo ankaimba, amuna ataima atagwira zitsulo za lole. A Filimoni anakhala kutsogolo ndi woyendetsa.

Msewu wa ku Ndola mukuuona lero si umene unalipo. Phula linali lopapatiza, ndipo magalimoto akakumana wina ankayenera kutsitsa mawilo m'miyala ya m'mbali. Zinyalala zinali zambiri. Zaka zimenezo ankagwetsa tinyumba takale ta m'komboni n'kumanga tatsopano, ndipo malole onyamula matabwa akale ndi malata ankayenda osaphimba, akumwaza zinthu njira yonse. Ena ankati ndi anyamata a ndale amene ankaponya matabwa a misomali kuti abowole magalimoto a apolisi. Mwina zonse ziwiri zinalipo. Ine sindinaonepo munthu akuponya, ndinkangoona zili pansi, misomali yopindika, mawaya, zidutswa za malata, mabotolo osweka.

Titangowoloka Kafue, lole inayamba kupendekera mbali imodzi n'kuima. Tayala lakutsogolo linali litaphwa. A Mwanza anatsika, anapinda manja a malaya aja, n'kuika wilo lapadera limene linali pansi pa lole. Sizinatenge nthawi. Koma tisananyamuke, a Filimoni anakwera kumbuyo, anagwada, n'kugogoda bokosi ndi chala.

"Aroni," anatero, "tiye m'bale wanga. Usativutitse panjira. Tikukakugoneka pafupi ndi atate."

Ameneyu ndi mwambo, musaseke. Galimoto ya maliro ikavuta amati womwalirayo akukana ulendo, ndipo wachibale amamunyengerera. A Filimoni Lamulungu lililonse ankadzudzula zoterezi paguwa, koma pamsewu wa ku Ndola ndi iwo amene anayamba kugwada. Palibe amene anaona chachilendo, ngakhale ine.

Tinayenda pang'ono, nyimbo zinayambiranso, kenaka tayala lija langoikidwa kumene linaphwanso. Tsopano wilo lapadera panalibe. Ndi pamene ndinaonera ntchito yonse ija ndakuuzani, ya zitsulo ndi guluu ndi pampu. Dzuwa linali litakwera, ndipo thupi m'mwezi umenewo silidikira munthu. Azimayi anasiya kuimba. Wina anayamba kukupiza ntchentche pabokosi ndi nthambi.

A Mwanza anazula msomali m'tayala, wautali ngati chala changa ichi, wadzimbiri, n'kuwaonetsa a Filimoni.

"Ndi msomali uwu, bambo. Msewu uno wadzaza, ndinadutsamo dzana."

"Msomali ndauona," anatero a Filimoni. "Ndili ndi maso. Nanga mabasi onse adutsa pano chiyambire m'mawa, bwanji sunawabaye? Unali kudikira ndani?"

"Msomali sudikira munthu. Ndipo akufa sadziwa kanthu, zinalembedwa."

"Iwe tinakulemba kuti uyendetse motoka, osati utilalikire za kumpingo kwanu."

A Mwanza anapitiriza kukhula chubu. A Filimoni anakweranso kumbuyo, koma ulendo uno sanagwade. Anaima, n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"M'bale wanga wakana kawiri. Munthu sakana kupita kwa atate ake popanda chifukwa. Muno muli wina amene sakufuna kuyenda naye." Sananditchule. Anangondiyang'ana, ndipo ena onse anayang'ana pansi. "Mlamu, tsikani. Ngati tikunama, msewu utiuza."

Mukufunsa kuti bwanji sindinakane? Ndikanakana kwa ndani? Achibale anga anali ku Katete, ndipo uthenga wa maliro unali usanawafike n'komwe. Ndinaimirira. Mayi wina wa mpingo, amene tinkakhala naye benchi imodzi, anandimasula nsalu kumsana n'kumutenga Esitere, n'kumuika pamiyendo pa apongozi. Mwanayo anali m'tulo, sanalire. Apongozi sanandiyang'ane. Ndinatsika ndi nsalu yoberekera m'manja.

Amuna anamaliza kupopa. A Mwanza pomanga wilo anandiyang'ana kamodzi, kenaka anayang'ana mapazi anga, n'kukwera. Lole inapita.

Mvetsani mmene zinalili. Lole ija ikanafika ku Ndola bwinobwino, mlandu unali utatha. Kukanakhala kuti Aroni mwiniwake wandiloza pamaso pa mpingo wonse. Sipakanafunika bwalo, sipakanafunika mboni. Nyumba ya mgodi ndinali woti ndituluke kale, poti mwamuna akafa nyumba imabwerera kwa eni ake. Ndikanabwerera ku Katete ndi kadengu kanga kaja, ndipo Esitere akanakula akumva kuti mayi wake ndi amene anapha bambo ake.

Ku Kitwe kunali kufupi, koma ndinayamba kuyenda cha ku Ndola. Sindinganene kuti ndinaganiza chilichonse chanzeru. Mwana anapita uko, basi. Phula linkaotcha, ndiye ndinkayenda m'miyala, ndipo m'miyalamo ndi mmene munali zinyalala zonse. Waya unandicheka apa, onani chipsera chake, chidakalipo. Ndinang'amba nsonga ya nsalu n'kumanga. Magalimoto ankadutsa, ena a azungu, ena mabasi, koma mkazi wa mpango wamaliro woyenda yekha palibe amene amafuna kumunyamula. Bambo wina wa njinga, atasenza makala, anachepetsa liwiro n'kundifunsa m'Chibemba ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino. Anapitirira.

Ndinapemphera, inde, koma pemphero lake silinali loti ndingalinene m'tchalitchi. Ndinkayang'ana msomali uliwonse pansi n'kumaufunsa mumtima kuti iwe unali kuti lole imadutsa.

Sindikudziwa kuti ndinayenda mtunda wotani. Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene ndinafika pamwamba pa kachitunda kena, tisanafike pamphambano ya ku Luanshya. Kuchokera pamenepo msewu umatsetsereka mowongoka, umaoneka wonse. Kumunsi kwake ndinaona lole itaima mopendekera, anthu atabalalika pansi pa mitengo.

Sindinathamange. Mwendo sukanalola, komanso sindinafune kuti andione ndikuthamanga. Ndikuyandikira ndinaona chimene chinachitika. Pakati pa phula panali thabwa lalikulu lopakidwa laimu, loyera mbee, looneka kuti linachoka pachitseko cha nyumba ina, misomali yake ikuluikulu italoza kumwamba. Ulendo uno sichinali chubu chokha. Tayala lenilenilo linali litang'ambika m'mbali, moti chibakera chikanalowa. Panalibe chigamba choti n'kumata pamenepo. A Mwanza anali atakhala pasitepe ya lole, manja ali pamaondo, malaya aja atada.

A Filimoni anali ataima patali, chipewa chili m'manja. Esitere anali atadzuka, akulira mawu atatha.

Apongozi anga anali mayi wamng'ono thupi, ndipo chikwatiwire changa sindinawamvepo akutsutsa mwana wawo wamkuluyo. Anatsika m'lole pang'onopang'ono, cham'mbuyo, wina atawagwira mkono. Anatenga mwana n'kuyenda mpaka pamene ndinaima.

"Filimoni," anatero, osatembenuka, "poyamba paja unatimasulira ndiwe. Manje ndimasulira ine, amene ndinamubala. Wakana mkazi wake alimo, tinati akukana mkazi. Tamutsitsa, waononga tayala lonse. Mwana wanga sapita kumanda mkazi wake ali pamsewu."

"Amama, mwina pali china."

"China n'chakuti mwamuyendetsa namfedwa padzuwa wopanda nsapato. N'chimene wakwiyira." Kenaka anati kwa ine, "Make Esitere, werama."

Ndinawerama, ndipo anandiika mwana kumsana, n'kundimangira okha nsalu ija.

A Filimoni sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse, koma nkhani ya tsempho sinamvekenso. Sakanaiyambitsanso popanda kunena kuti m'bale wawo ananama. Patapita nthawi kunabwera lole yopanda katundu, yochokera kukatula mitengo ya mgodi. Woyendetsa wake, Mbemba wonenepa, anavula chipewa ataona bokosi n'kunena kuti, "Kweleni mukwai." Tinasamutsa bokosi. Ndinakhalanso kumutu kwake, ndipo mayi uja anandimasula mwana anandipatsa madzi akumwa osandiyang'ana m'maso. Tinamuika Aroni dzuwa lisanalowe. A Mwanza tinawasiya pamsewu pomwepo, akulondera lole ya abwana awo.

Zotsatira zake mukuzidziwa pang'ono. Ndinakhala ndi apongozi ku Ndola mpaka anandimeta tsitsi la maliro, kenaka ndinabwerera ku Kitwe kwa mayi wina wa kwathu, ndi Esitere, n'kuyambiranso zitumbuwa. Dzinja lachiwiri litadutsa, ndinapita ndi njinga yobwereka kukamatitsa chubu pansi pa mtengo wina kuseri kwa msika, ndipo womata anali munthu wamtali uja wa malaya oyera. Mmwenye uja anawachotsa ntchito chifukwa cha tayala lija, ati dalaivala wanji wosaona chitseko pamsewu masanasana. Anandimatira, ndinabweranso, njinga ija inayamba kuphwa kawirikawiri. Zina zonse si za ana. Tinakwatirana, iwo ndi mpingo wawo uja, n'chifukwa chake m'banja lino ena mumadya Khirisimasi, ena simudya, ndipo ine ndinatopa kalekale kuweruza.

Pambuyo pake anapezanso ntchito yoyendetsa, malole, mabasi, mpaka anagula kagalimoto kawo kaja kobiriwira. Akuluakulu inu mukukumbukira mmene ankayendetsera. Munkadandaula kuti agogo achedwetsa ulendo, chifukwa ankaimitsa galimoto pakati pa njira, kutsika, kukatola kawaya kamene inu simunakaone n'komwe, kukaponya kutchire. Munthu ameneyo ankaona phini pamsewu. Zaka zonse zimene ndinakwera nawo, tayala linkatha ndi ukalamba basi.

Ndiye thabwa lija linkandibwerera m'mutu nthawi ndi nthawi, koma sindinafunse. Tinalera ana, tinasamuka ku Wusakile, tinakhala ku Ndeke, tinagula puloti ino. Nkhani ya tsiku lija sitinaikambepo. Mwina ndinkaopa yankho, pakuti agogo anu bodza sankalidziwa. Ukawafunsa ngati ndiwo zakoma ankakuuza zoona, ngakhale pali alendo.

Ndinafunsa atakalamba, maso atachita ng'ala, atakhala pampando uno ndakhalirawu. Ndinali kusenda chinangwa apo pali thanki.

"A Mwanza, thabwa lija la pa msewu wa ku Ndola. Simunalione?"

Anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga. Kenaka anati, "Ndinaliona ndili pamwamba pa chitunda."

"Nanga malo opatukira panalibe?"

"Analipo, mbali zonse ziwiri."

"Ndiye?"

"Ine ndinawauza kuti ndi msomali, sanandimve. Anthu aja anali kumvera tayala." Anakanda bondo. "Ndinachepetsa liwiro kuti bokosi lisagwe."

Ndinamaliza kusenda chinangwa changa, ndinachitsuka, ndinachiika pamoto, ndipo kukhitchini kuja ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro a Aroni.

Apongozi anga aNaMiti anamwalira akukhulupirira kuti mwana wawo ndiye anandiitana pamsewu paja, ndipo ankainena nkhaniyo monyadira kwa aliyense wobwera kudzawaona. A Filimoni nawonso anapita akudziwa choncho. Esitere mpaka lero amadziwa kuti bambo ake omubala anakana kupita kumanda popanda amayi ake, ndipo chithunzi chawo anachipachika pabalaza chifukwa cha zimenezo. Munthu amene anamulera, amene anataya ntchito ndi tayala la eni ake chifukwa cha iye, ankadutsa pansi pa chithunzicho akapita kukacheza, osanena kanthu.

Iwe Dalitso, ukapita kwanu usakawauze amayi ako. Ndidzawauza ndekha, ndikadzaona kuti mpata wapezeka. Tsopano dzuka ukaike wilo lapadera, jeke ya agogo ako ili kuseri kwa khola la nkhuku. Msomaliwo ukauzula ubwere nawo kuno, usautaye pamsewu.